Wochi ya Liwiro ya Mota ya Amalume

Musanawerenge, kambiranani:
Kodi m'mudzi mwanu muli mota? Imanyamula ciyani? Woyendetsa amadziwa bwanji kuti ali kuthamanga kwambiri?

GAWO 1: MOTA YA AMALUME

Zuze ndi Rozina ndi apacibale. Zuze ali ndi zaka 7. Ali m'kalasi yoyamba. Rozina ali ndi zaka 10. Ali m'kalasi yacinayi. Amakhala ku Angonia, m'mudzi woyang'anana ndi phiri la Domwe.

Amalume awo ali ndi mota yofiira. Motayo imagwira nchito zambiri. Imanyamula mbatatesi kupita ku msika wa ku Ulongwe. Imanyamula cimanga kupita ku cigayo. Agogo akadwala, imawatengera ku cipatala.

Kutsogolo kwa mota, pakati pa zogwirira, pali wochi. Wochi imeneyi siuza nthawi. Imauza liwiro. Ili ndi muvi umodzi ndi manambala: 0, 20, 40, 60, 80. Mota ikaima, muvi umagona pa 0. Mota ikayenda pang'onopang'ono, muvi umadzuka pang'ono. Mota ikathamanga, muvi umakwera.

Pansi pa muvi pali kazenera. M'kazeneramo muli manambala ena. Manambala amenewa amawerenga utali wa ulendo.

Amalume amakonda kunena kuti:
— Kucokera pano mpaka ku msika ndi makilometro 12. Wochi yanga imatero masiku onse.

Yankhani:
1. Zuze ali ndi zaka zingati?
2. Mota ikaima, muvi umakhala pati?
3. Kucokera ku mudzi mpaka ku msika ndi makilometro angati?

GAWO 2: MUVI WAGONA

Tsiku lina muvi udayamba kunjenjemera. Udakwera, udatsika, udakweranso. Pa tsiku lacitatu udagona pa 0. Mota idayenda, koma muvi sudadzuke. Manambala a m'kazenera nawonso adaima.

— Amalume, wochi yanu yafa — adatero Zuze.
— Palibe kanthu, mwanawe. Mota imayenda ndi petulo, siyenda ndi wochi. Liwiro ndimalimva ndi mphepo kumaso.

Padapita masabata awiri. Lacisanu masana amalume adanyamuka ndi thumba la mbatatesi. Msewu wa ku msika umadutsa pa sukulu, ndipo pa sukulupo pali mtsetse. Nthawi imeneyo ana anali kuweruka.

Mbuzi idatulukira m'chire. Kamnyamata kadaithamangira mpaka pa msewu. Amalume adagwira mabuleki. Fumbi lidati koboo! Mota idakhwekhwereka, idakhwekhwereka, idaima pafupi penipeni ndi kamnyamatako. Thumba lidagwa. Mbatatesi zidamwazika pa msewu ponse.

Palibe amene adavulala. Koma ana onse adangoti zii. Zuze ndi Rozina adathandiza kutola mbatatesi. Manja a amalume anali kunjenjemera.

Madzulo amayi adamva nkhaniyo. Adapita kwa amalume.
— Acimwene, munali kuthamanga motani?
— Sindidziwa, acemwali. Ndimayesa kuti ndili kuyenda pang'ono.
— Mumayesa? Pa msewu umenewo pamadutsa ana athu tsiku ndi tsiku. Kuthamanga sikufika. Conde, kakonzetseni wochiyo.

Amalume sadayankhe. Adangogwedeza mutu kuvomera.

Yankhani:
1. Cidacitika ndi ciyani pa sukulu?
2. Cifukwa ciyani amalume sadadziwe liwiro lawo?
3. Amayi adapempha ciyani?

GAWO 3: KWA AMISIRI

Loweruka m'mawa amalume adapita kwa amisiri okonza mota. Amisiriwo amagwira nchito pansi pa mtengo wa mkuyu, pafupi ndi cigayo. Si patali. Zuze ndi Rozina adatsatira wapansi.

— Mwadzuka bwanji, amisiri?
— Ndadzuka bwino, kaya inu, abambo? Mota yatani?
— Wochi yagona tulo.

Amisiri adagwira cingwe cakuda. Cingweco cimacokera pa gudumu la kutsogolo. Cimakwera mpaka ku wochi. Amisiri amati kabu. Adacimasula. Adasolola waya wa m'kati mwake. Wayayo anali woduka pakati.

— Bwerani muone, ana inu. Gudumu likazungulira, limazunguza kagiya kali apa. Kagiya kamazunguza waya uyu. Waya amazunguza maginito m'kati mwa wochi. Maginito amakoka kambale kopepuka. Kambale kamadzutsa muvi. Waya akaduka, uthenga sufika.

— Ndiye tingogula waya wina — adatero amalume.
— Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Koma taonani apa.

Amisiri adawaonetsa kagiya. Kanali katatha mano. Adatsegulanso wochi. M'kati munali mutalowa madzi, ndipo munali dzimbiri.

— Zafa zinthu zitatu: waya, kagiya ndi wochi. Mungathe kugula zonse zitatu. Mungathenso kugula wochi ya magetsi. Imeneyo ilibe kabu, ilibe muvi. Imalemba manambala pa galasi.

Amalume adaganiza. Kenaka adati:
— Ndikagulitsa mbatatesi, ndikagula ya magetsiyo.

Yankhani:
1. Cingwe cakuda cimacokera pati? Cimathera pati?
2. Chulani zinthu zitatu zimene zidafa.

GAWO 4: WOCHI YATSOPANO

Loweruka linalo amalume adabwera ndi kabokosi. Masiku onsewo adayenda pang'onopang'ono ngati njinga yakapalasa.

Amisiri adatsegula kabokosi. Munali zinthu zitatu. Coyamba, wochi ya galasi. Caciwiri, kamaginito kofanana ndi nyemba. Cacitatu, kanthu kakuda pa nsonga ya waya woonda. Kanthu kameneka amati sensori.

— Rozina, uli ndi kope? Lemba nambala ya m'kazenera ka wochi yakale. Wochi yatsopano iyambira pa 0, koma mota si yatsopano.

Rozina adalemba nambalayo. Adalembanso tsiku.

Amisiri adagwira nchito motere:
1. Adazima mota ndi kucotsa kiyi.
2. Adamasula waya wa batire.
3. Adacotsa wochi yakale ndi cingwe cake.
4. Adamanga wochi yatsopano pakati pa zogwirira.
5. Adamanga kamaginito pa gudumu la kutsogolo.
6. Adamanga sensori pa citsulo cogwira gudumu, moyang'anana ndi njira ya kamaginito.
7. Adalumikiza mawaya ndi kubwezera waya wa batire.

— Sensori imagwira nchito yanji? — adafunsa Zuze.
— Ili ngati mbusa pa khomo la khola. Mbuzi ikadutsa, mbusa amati: imodzi! Sensori nayo imatero. Kamaginito kakadutsa, imauza wochi kuti gudumu lazungulira kamodzi.

Amisiri adanyamula gudumu la kutsogolo kuti lisagunde pansi. Adalizunguza ndi dzanja. Pa galasi padatuluka nambala: 3, kenaka 4, kenaka 2, kenaka 0. Ana adaomba m'manja.

— Kwatsala cinthu cimodzi. Tiyeze gudumu — adatero amisiri.

Koma kumwamba kunali kutada. Mvula idayamba kudontha.
— Amisiri, mvula iyo! Wochi ili kugwira nchito. Zoyezazo tidzacita tsiku lina.
— Abambo, nambala ili m'wochimo si ya gudumu lanu.

Amalume sadamve. Anali atavala kale kapaseti, atanyamuka.

Yankhani:
1. M'kabokosi munali zinthu zingati?
2. Rozina adalemba ciyani m'kope?
3. Ndi nchito iti imene idatsala?

GAWO 5: MAKILOMETRO 3 ASOWA

Lolemba amalume adapita ku msika. Madzulo adabwera ali kumwetulira.

— Wochi iyi ndi yabwino. Pa sukulu ndadutsa ili pa 30. Ndipo lero msewu wafupika. Kucokera pano mpaka ku msika yalemba makilometro 9.

Agogo adaseka.
— Msewu si malaya kuti ungafupike cifukwa mvula yaucapa!

Zuze adatola miyala 12. Adaiyala pansi. Adacotsapo miyala 9. Padatsala miyala 3.
— Amalume, makilometro 3 apita kuti?

Rozina adati:
— Ife tidakuonani pa sukulu, amalume. Pepani, koma simunali kuyenda pang'ono.

Amalume adasiya kumwetulira. M'mawa mwake, ana ataweruka, onse adapita kwa amisiri.

Amisiri adadina batani la wochi. Pa galasi padatuluka nambala: 1400.

— Nayi mbava ya makilometro anu. Iyi ndi nambala ya gudumu laling'ono. Lanu ndi lalikulu.

Zuze sadamvetse. Amisiri adalemba mzere pansi.
— Zuze, ima apa ndi amalume ako. Nonse muponde mapazi 10.

Zuze adaponda mapazi 10. Amalume adapondanso mapazi 10. Zuze adaima pafupi. Amalume adaima patali.

— Mwaona? Nonse mwaponda 10, koma simudafike pamodzi. Magudumu nawonso ali conco. Gudumu lalikulu likazungulira kamodzi, limayenda patali. Gudumu laling'ono limayenda pafupi. Wochi siona msewu. Imangowerenga kuzungulira. Mukaiuza nambala yabodza, nayonso ikuuzani bodza.

Amisiri adatembenukira kwa amalume.
— Dzulo wochi idalemba 30. Koma inu munali pa 40.

Amalume adagwira pakamwa.
— Pepani, amisiri. Munanena, ine sindidamve. Tiyeze tsopano lino.

Yankhani:
1. Wochi yakale inkati makilometro angati? Nanga yatsopano idati angati?
2. Ndani adaima patali ataponda mapazi 10? Cifukwa ciyani?
3. Kodi wochi imaona msewu?

GAWO 6: ANA AYEZA GUDUMU

Amisiri adapopa tayala mpaka lidalimba bwino. Adasankha malo osalala. Rozina adasesa timiyala. Zuze adatenga coko.

Zuze adalemba mzere pa tayala, pamene tayala lagunda pansi. Rozina adalemba mzere pa dothi, pomwepo. Amalume adakhala pa mota yozima. Adaikankha ndi mapazi.

Mzere wa coko udakwera, udazungulira, udafikanso pansi.
— Kamodzi! — adafuula Zuze.
Udazunguliranso.
— Kawiri!
Udazunguliranso.
— Katatu! Imani, amalume!

Rozina adayang'ana mkukuluzi wa tayala pa dothi. Unali wokhota.
— Amalume, mwakhota. Tiyambirenso.
— Mwana wanena zoona — adatero amisiri. — Kuona maso a nkhono nkudekha.

Adayambiranso. Ulendo uno mota idayenda mowongoka. Rozina adalemba mzere waciwiri pa dothi. Zuze adagwira nsonga ya tepi pa mzere woyamba. Amisiri adakoka tepi, ali kuyeza cigawo ndi cigawo, mpaka pa mzere waciwiri.

— Masentimetro 561. Kumeneku ndi kuzungulira katatu. Tikagawa patatu, kuzungulira kamodzi ndi masentimetro 187. Wochi imafuna mamilimetro. Ndiye nambala yathu ndi 1870.

Amisiri adailemba pa dothi.
— Zuze, undiwerengere imodzi imodzi, ine ndizidina.
— 1... 8... 7... 0.

Pa galasi 1400 idacoka. Padakhala 1870.

Yankhani:
1. Zuze adalemba mzere pati? Nanga Rozina?
2. Gudumu lidazungulira kangati?
3. Cifukwa ciyani adayambiranso?

GAWO 7: PA SUKULU

Lacitatu amalume adapitanso ku msika. Pobwerera adafika pa sukulu ana ali kuweruka. Adacepetsa liwiro asanafike pa mtsetse. Adayang'ana wochi. Inali pa 20. Mota idadutsa pang'onopang'ono, fumbi osabuka.

Madzulo Zuze adawathamangira.
— Amalume, lero yalemba angati?
— Yalemba 12, mwanawe. Makilometro 3 aja abwerera kwawo.

Amayi adapatsa amalume madzi akumwa.
— Zikomo, acimwene. Tsopano mtima wanga uli m'malo.

M'mawa mwake Zuze adauza anzake ku sukulu kuti:
— Nambala ili m'wochi ya amalume tidayeza ife, ine ndi Rozina.

Yankhani:
1. Amalume adadutsa pa sukulu wochi ili pa nambala yanji?
2. Cifukwa ciyani amayi adathokoza?

MAWU ATSOPANO

liwiro: kufulumira kapena kucedwa kwa cinthu coyenda.
muvi: kamtengo kosongoka ka pa wochi, koloza nambala.
maginito: kacitsulo kokoka zitsulo zina.
sensori: kanthu kakumva maginito akadutsa.
tepi: cingwe ca manambala coyezera utali.
kapaseti: cipewa colimba coteteza mutu pa mota.

WERENGANI NDI KULEMBA

ma me mi mo mu
mo-ta, mu-vi, ma-pa-zi, me-tro, a-ma-lu-me

Malizani mawu awa ndi ma, mo kapena mu:
__ta
__vi
a__lume
gudu__

Lembani m'makope mwanu:
Mota ili ndi wochi.
Muvi wagona.
Zuze wayeza gudumu.

MASAMU

1. Yalani miyala 12. Cotsanipo 9. Yatsala ingati?
2. 9 + 3 = __
3. Mota imodzi ili ndi magudumu 2. Mota 3 zili ndi magudumu angati?
4. Ikani manambala awa mu ndondomeko, kuyambira yaing'ono: 40, 10, 30, 20.
5. Ndi liwiro liti lalikulu, 30 kapena 40?

CIPWITIKIZI CA PAKAMWA

Mverani, kenaka nenani:
gudumu — roda
msewu — estrada
nambala — número
pang'onopang'ono — devagar
mofulumira — depressa

NCHITO YA KUNYUMBA

Pemphani munthu wamkulu akuthandizeni. Tengani njinga yakapalasa kapena wilibala. Lembani mzere ndi khala pa tayala ndi pa dothi. Kankhani mowongoka mpaka gudumu lizungulire kamodzi. Lembani mzere wina pa dothi. Yezani ndi luzi kucokera pa mzere woyamba kufika pa waciwiri. Dulani luzilo. Mubwere nalo ku sukulu. Mudzayerekeze ndi la anzanu. La yani ndi lalitali?

KUMBUKIRANI

Musanadumphe msewu, imani. Yang'anani kumanja, yang'anani kumanzere, yang'ananinso kumanja.
Musathamangire mbuzi kapena mpira pa msewu.
Musakhudze injini kapena paipi ya utsi. Zimaocha.
Musaike maginito m'kamwa.

KWA MAKOLO NDI ACIBALE

Nkhaniyi iwerengedwe gawo limodzi pa tsiku. Wamkulu awerenge mokweza, mwana atsatire ndi cala, kenaka mwana anene nkhaniyo m'mawu ake. Manambala aakulu monga 561 ndi 1870 mwana wa kalasi yoyamba sayenera kuwawerengetsera. Akhoza kungochula manambala ake imodzi imodzi monga adacitira Zuze. Cofunika ndi cakuti aone kuti kuyeza kuli ndi nchito pa mudzi, ndi kuti kuyeza mosasamala kumabala ngozi.

Mawu otsatirawa ndi a m'banja limene muli mota.

Wochi ya muvi ndi yakale ndithu. Mmisiri wina wa ku Germany, Otto Schulze, adalembetsa luso lake m'caka ca 1902, ndipo magalimoto ndi mota zakhala zikuigwiritsa nchito zaka zoposa 100. Mphamvu yake imacokera ku gudumu, sifuna batire. Muvi ukayamba kunjenjemera kapena ukagona, yambani mwaona kabu. Kawirikawiri amakhala atauma mafuta, atapindika kapena ataduka, ndipo kumusintha ndi kochipa kuposa kugula wochi. Kenaka onani mano a kagiya ka pa gudumu. Wochi yeniyeni iganiziridwe pomaliza.

Wochi za magetsi zilipo za mitundu ingapo. Zina ndi za kamaginito ndi sensori, monga ya m'nkhaniyi. Sensori zina zili ndi titsulo tiwiri m'kati, timene timagundana maginito akayandikira. Zina zimamva maginito popanda kanthu kosuntha, potsata zimene adatulukira Edwin Hall wa ku America m'caka ca 1879. Pali wochi zina zimene sensori yake imamangidwa pa kagiya kakale, pamene padali kabu. Imeneyo imafuna kagiya ka mano abwino. Palinso za GPS, zimene siziwerenga gudumu konse, koma zimayamba zadikira kuti zigwire uthenga wocokera kumwamba, ndipo zimasokonezeka pamalo obisika.

Masamu a m'nkhaniyi ali motere. Gudumu la masentimetro 187 limazungulira pafupifupi ka 535 pa kilometro imodzi. Wochi youzidwa kuti gudumu ndi mamilimetro 1400 imawerenga kuzungulira komweko ngati mametro 749 okha. Pa magawo anayi alionse imataya gawo limodzi. Ndi cifukwa cake 12 idasanduka 9, ndipo 40 idasanduka 30. Nambala yocepa kuposa yeniyeni ndiyo yoopsa, cifukwa woyendetsa amathamanga ali kuyesa kuti ali kuyenda bwino. Nambala yoposa yeniyeni imaonjezera makilometro amene mota sidayende.

Poyeza, tayala likhale lopopedwa monga limakhalira masiku onse, ndipo woyendetsa akhale pa mota, pakuti kulemera kumaphwatalala tayala pang'ono. Kuyeza kuzungulira katatu ndi kugawa patatu kumacepetsa colakwa. Mukasintha tayala ndi kuika la msinkhu wina, yezaninso. Pomaliza yesani wochi pa msewu umene mumadziwa utali wake, kapena yerekezani ndi GPS ya foni.

Pomanga wochi, samalani izi:

Kagiya kakale musakataye, ngakhale katatha mano. Pa mota zambiri kamathandiza kuti gudumu likhale pakati. Kasiyeni pamalo pake, tsekani bowo la kabu kuti fumbi ndi madzi zisalowe.

Kamaginito kamangidwe zolimba, kasakhudze mabuleki. Kadutse pafupi ndi sensori, mpata wa mamilimetro ocepa, koma kasaigunde. Pepala la m'kabokosi limanena mpata woyenera. Mpata ukakula, wochi imadumpha kuzungulira kwina ndipo imalemba liwiro locepa.

Waya wa sensori amangidwe motsata cingwe ca buleki, kutali ndi tayala ndi injini. Asiyidwe wolendewera pang'ono. Khotetsani zogwirira mpaka kumapeto, kumanja ndi kumanzere, muone ngati waya sakukokeka. Dinikizaninso kutsogolo kwa mota, pakuti gudumu limakwera ndi kutsika pa mabampu.

Wochi zina zili ndi kabatire kake. Zina zimatenga magetsi ku batire la mota. Pomasula batire yambani ndi waya wa cizindikiro ca kucotsera, ndipo pobwezera mumalize ndi yemweyo. Tsatani cithunzi ca mawaya cili pa pepala. Waya woyatsa wochi alumikizidwe ku magetsi obwera kiyi akatsegulidwa, odzera pa fuzi, kuti wochi isamadye batire usiku. Amene sadziwa mawaya apite kwa amisiri.

Pa wochi yakale pamakhala timagetsi tosonyeza kuti mota ili pa giya yaulere, kuti nyali yowala patali yayaka, ndi kuti magetsi okhotera ali kuphethira. Timeneti tisatayike. Onaninso kuti manambala a wochi yatsopano amaoneka usiku ndi pa dzuwa lowala.

Nambala ya makilometro ya wochi yakale isungidwe m'kope pamodzi ndi tsiku losinthira. Imathandiza kudziwa nthawi yosintha oyilo wa mu injini ndi kuona cheni. Tsiku logulitsa mota, wogula auzidwe nambala zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano.

Pomaliza, wochi yolondola siimitsa mota. Imangouza woyendetsa. Mota ya pa makilometro 30 pa ola imayenda mametro 8 pa sekondi imodzi. Ya pa 40 imayenda mametro 11. Mametro amenewa amatha woyendetsa asanagwire n'komwe buleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi: mota imene ili pa 40 imafuna malo anayi a mota imene ili pa 20. Pa dothi lonyowa, pa mtsetse, kapena mota itanyamula thumba, malowo amakulanso. Pa sukulu, pa msika ndi pa mjigo, woyendetsa acepetse liwiro asanafike.

Kuno ku Mozambique magalimoto ndi mota zimayenda mbali ya kumanzere kwa msewu. Conco cimene cili pafupi ndi mwana woima m'mphepete cimacokera kumanja kwake. Tengani mwana wanu, muime naye pa msewu umene amadumpha popita ku sukulu, ndipo akuonetseni yekha kumene ayenera kuyamba kuyang'ana.